Waya wa Aluminiyamu Akakana Kuyenda

Ku Ndirande mu Blantyre, ku Biwi mu Lilongwe, ngakhalenso ku Kalingalinga mu Lusaka, mmisiri wowotcherera zitsulo sachita kufunsidwa kumene ali. Munthu amangotsata kung'anima kwa lawi ndi mizere ya mafelemu a zitseko oyedzamira m'mbali mwa msewu. Ntchito yonseyo imagwiridwa ndi marodi, timitengo tija timene timanka titha ngati kandulo, ndipo chimene chimalumikizidwa ndi chitsulo wamba. Koma wina akafika atasenza makwerero a aluminiyamu othyoka, kapena paipi yothirira mbewu yong'ambika, kapena akanena za boti la injini lobooka pansi, amisiri ambiri amapukusa mutu nati akayese kwina. Kwinako nthawi zambiri kumakhala kutali, ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Apa ndiye pali mpata wa mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza maphunziro a luso la manja ku Soche, ku Nasawa, ku Namitete kapena ku Mzuzu. Akapeza makina owotcherera ndi waya, aja otchedwa MIG, pamodzi ndi chida cha m'manja chotchedwa spool gun, angathe kulandira ntchito zimene anzake amabweza. Chokhumudwitsa nchakuti ena amene amapeza chidachi amalimbana nacho masabata ochepa okha, kenaka nkuchiponya pansi pa benchi, amvekere nchachabe. Akafunsidwa cholakwika, yankho limakhala limodzi: waya sayenda. Amatuluka modukizadukiza, amapiringizika m'kati, kapena amasungunukira pakamwa pa chidacho nkumatirira pomwepo. Nthawi yonseyo mpweya wa argon, umene ndi wokwera mtengo ndipo supezeka m'sitolo iliyonse, umakhala ukungothera m'mlengalenga, mwini katundu ali chiimire kudikira.

Aluminiyamu ndi mlendo m'mbiri ya zitsulo. Njira yompangira wambiri motsika mtengo idapezeka mu 1886, pamene Charles Martin Hall wa ku America ndi Paul Héroult wa ku France, aliyense payekha, adatulukira kumpatula ndi magetsi. Dothi limene amachokera, lotchedwa bauxite, lidapezeka pa phiri la Mulanje mu 1924, ngakhale kuti mgodi wake sudatsegulidwe, ndipo mu 2000 fakitale ya Mozal pafupi ndi Maputo idayamba kutulutsa aluminiyamu. Kulemera kwake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa chitsulo wamba, ndipo sadyeka ndi dzimbiri lofiira lija. Nchifukwa chake amakondedwa pa maboti, pa mabodi a malole ndi pa mapaipi amene antchito amayenera kuwanyamula pa phewa m'munda.

Njira ya MIG nayo idabadwira aluminiyamu yemweyu. Idakonzedwa mu 1948 ku Battelle Memorial Institute, m'chigawo cha Ohio ku America, ndipo idafalikira pa chitsulo wamba pambuyo pake, makamaka kuyambira mu 1953 pamene akatswiri a ku Soviet Union adaonetsa kuti mpweya wotsika mtengo wa carbon dioxide ungagwire ntchitoyo. Mfundo yake ndi yapafupi. M'malo mwa rodi imene imatha, waya wautali wokulungidwa pa mpukutu amakankhidwa ndi timagudumu tiwiri, nadutsa mu kansonga ka mkuwa kamene kamampatsa magetsi, ndipo akafika pa ntchito lawi limabuka nkumamsungunula. Mpweya wotuluka mozungulira kansongako umatchinga chithaphwi cha chitsulo chosungunuka kuti mphepo wamba isachiwononge. Pa makina wamba waya amayenda m'chingwe chotalika mamita 3 kapena kuposa. Waya wachitsulo ndi wouma msana, amapirira ulendowo. Wa aluminiyamu ndi wofewa, kotero kuti kumkankha mtunda wotere kuli ngati kulowetsa luzi lonyowa m'bango lalitali. Spool gun idapangidwa kuti ifupikitse ulendowo. Kampukutu kakang'ono, ka mamilimita 100 m'mimba mwake, kolemera pafupifupi theka la kilogalamu, pamodzi ndi kamota ndi timagudumu take, zonse zili m'chida cha m'manja chomwecho, ndipo waya amayenda mtunda wosafika masentimita 30. Tsono ngati pa ulendo waufupi chotere waya akukanabe, zifukwa zake ndi zowerengeka, ndipo pafupifupi zonse mmisiri angathe kuzikonza yekha.

Kansonga kakapsa

Chimene chimasokoneza wophunzira nchakuti matenda osiyanasiyana amaonekera pamalo amodzi. Makina a MIG amasunga mphamvu ya magetsi pa mlingo umene mmisiri waika, ndipo lawi limadya waya mosalekeza. Waya akachedwa, ngakhale kwa kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso, lawi silidikira: limakwera ndi wayayo mpaka pa kansonga ka mkuwa nkumuwotcherera pomwepo. Wophunzira amaona kansonga kopsa, nakachotsa, naika kena. Nako kamapsa, naikanso kena, mpaka paketi yonse kutha tsiku limodzi. Amadandaula kuti tinsonga ta masiku ano ndi tosalimba, chonsecho chimene chachedwetsa waya chili kumbuyo, pa timagudumu kapena pa mpukutu, ndipo sichidakhudzidwe nkomwe.

Mmisiri wodziwa amayamba ndi kutseka silinda ya argon, pakuti kuyesa kayendedwe ka waya sikulira mpweya. Kenaka amachotsa chivundikiro cha kutsogolo ndi kansonga, naloza chidacho kumene kulibe chitsulo kapena munthu, nafinya kabatani. Ayenera kukumbukira kuti kabatani kakafinyidwa waya amakhala ndi magetsi, ndiponso kuti nsonga yake imaboola chikhatho ngati singano. Waya akatuluka myaa kansonga katachotsedwa, ndiye kuti vuto lili pa kansongako kapena pa mlingo wa magetsi ndi liwiro. Akatulukabe monyinyirika, vuto lili kumbuyo. Pamenepo mmisiri amadula waya wotalika ngati mkono, namuyendetsa pakati pa zala kwinaku akumuyang'ana padzuwa, pakuti waya amanyamula zipsera za zonse zimene wakumana nazo m'njira. Wobulungira ndi wosalala ndi wabwino. Wophwatalala, kapena wokhala ndi malo olumidwa mozama, wapanidwa mopitirira. Wokhala ndi malo opalika apa ndi apo amasonyeza kuti timagudumu timaterereka pa iye.

Nzeru ya munthu wozolowera chitsulo wamba imamuuza kuti waya akaterereka amange nati yopanira timagudumu. Pa aluminiyamu nzeru imeneyi ndiyo imapha ntchito. Waya wofewa akapanidwa kwambiri amaphwatalala, ndipo waya wophwatalala sakwana bwino pa kabowo kobulungira ka kansonga, amakakamira. Timagudumu tikapitiriza kukankha waya amene kutsogolo wakakamira, iye amapindikira pa kampata kamene kali pakati pa timagudumuto ndi kapaipi kolowera, nayamba kupiringizika. Amisiri olankhula Chingerezi amatcha kupiringizika kumeneku chisa cha mbalame, ndipo amene adatsegulapo chida nkuchipeza savutika kumvetsa dzinalo. Kupana kopitirira kumapalanso waya, ndipo utuchi wonyezimira umene umagwa umaunjikana m'kapaipi kufikira njira itachepa. Motero mmisiri amene wamanga nati pofuna kuchiza kuterereka amadzipangira kuterereka kwina, namanganso, zinthu nkumanka ziipiraipira, iye akuyesa kuti akukonza.

Mlingo woyenera umapezeka poyambira pa kumasula. Mmisiri amamasula nati mpaka timagudumu tizingozungulira osagwira waya, naloza chidacho pa thabwa louma mopendeketsa, masentimita 5 kuchokera pa thabwalo, nafinya kabatani. Amamanga pang'ono, theka la kuzungulira kumodzi, nayesanso, kufikira waya atayamba kufika pa thabwa ndi kupindika yekha mozungulira osaima. Akafika apo amaleka, ngakhale dzanja lifune kuwonjezera. Chiyeso chachiwiri ndicho kuyandikitsa chidacho pa thabwa molunjika kuti waya asowe kopita: timagudumu tiyenera kuterereka, waya osapindika m'kati. Kuterereka kotereku nkofunika, chifukwa tsiku limene kansonga kadzapsa mmisiri adzataya kansonga kokha, osati kansonga pamodzi ndi waya wambiri ndi theka la ola lomasula chisa.

Maonekedwe a kangalande ka pa gudumu nawonso ali ndi mbali. Ka waya wachitsulo kamakhala kosongoka pansi ngati chilembo cha V, ka aluminiyamu kobulungira ngati U kuti kafungatire waya osamfinya, ndipo pali kena ka mano kamene kadapangidwira waya wokhala ndi ufa m'kati. Ma spool gun ena ang'onoang'ono amachokera ku fakitale ali ndi kagudumu ka mano, poti ulendo wa waya ndi waufupi. Otere amagwira ntchito ndithu, koma amafuna dzanja lopepuka koposa pa nati ija, ndiponso kutsuka manowo kawirikawiri ndi kaburashi. Timagudumu tambiri timakhala ndi ngalande ziwiri, ina ya waya wa mamilimita 0.8, ina ya 0.9, ndipo kuiwala kutitembenuza posintha waya ndi cholakwa chimene chimagwera ngakhale amisiri a imvi.

Kumbuyo kwa timagudumu kuli mpukutu, ndipo pakati pake pali nati ina imene imagwira ntchito ya buleki. Ikakhala yolefuka, mpukutu umapitiriza kuzungulira mmisiri atasiya kale kabatani. Mizere ya waya imakhwepa, wina nkugwera pansi pa unzake, ndipo poyambanso waya amadzimanga yekha mfundo. Ikakhala yothina, kamota, kamene ndi kakang'ono kokwana m'chikhatho, kamalephera kukoka. Pano pali chinthu chimene mphunzitsi wa sayansi angakondwe kuchitengera m'kalasi. Buleki yothina sionetsa kuipa kwake mpukutu uli wodzaza, chifukwa waya amakokedwa kuchokera kutali ndi pakati, monga momwe munthu amamasulira nati mosavuta ndi sipanala yaitali. Mpukutu ukamatha waya amakokedwa kufupi ndi pakati, sipanala yafupika, ndipo mphamvu yofunika imakula. Nchifukwa chake pali amisiri amene amalumbira kuti waya wa kumapeto kwa mpukutu ndi woipa, namtaya, pamene chofunika kudali kumasula buleki pang'ono. Mlingo wake ndi wakuti mpukutu uime kabatani kakasiyidwa, osaposa apo.

Poika mpukutu watsopano, nsonga ya waya isapulumuke m'manja ngakhale kamodzi. Ikapulumuka, mizere ingapo imadumpha nkupingasana, ndipo mfundo yake idzaonekera mawa kapena mkuja, pakati pa ntchito ya munthu. Mbali yopindika imadulidwa, masentimita 10 oyamba amawongoledwa ndi zala, nsonga nkuipala ndi fayilo kuti isakande kapaipi ka pulasitiki kamene waya amadutsamo popita ku kansonga. Kapaipi kameneka kafike pafupi penipeni ndi timagudumu, pakuti mpata uliwonse wosatchingidwa ndi pamene waya amapindira. Kakadzaza utuchi kamapemereredwa ndi mpweya wa pampu. Kakakandika m'kati kapena kupsa kumapeto, kamasinthidwa.

Tsono kansonga kenikeniko. Aluminiyamu akatentha amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo wamba. Kansonga kamene kadapangidwira waya wachitsulo wa 0.9 kamalola waya wa aluminiyamu wa 0.9 kudutsa bwino zonse zili zozizira, koma pakapita mphindi zingapo waya amatupa m'kabowomo nayamba kugwira. Opanga zida amagulitsa tinsonga ta aluminiyamu tokhala ndi bowo lokulirapo pang'ono, ndipo kawirikawiri amatilemba A kapena AL pambali pa nambala. Kumene timeneti sitipezeka, amisiri amatenga kansonga wamba kotsatira kukula kwake, monga ka 1.0 pa waya wa 0.9. Kupyola apo nkulakwanso, chifukwa m'bowo lalikulu waya sakhudza mkuwa mokwanira. Timoto ting'onoting'ono timabuka m'kati momwemo, nkusiya zigamba zokhakhala zimene zimakola waya. Pa chifukwa chomwechi kansonga kamene kapsa kamodzi sikachira ndi fayilo: kunja kungasalale, koma bala lili m'kati. Kakhalenso komangidwa zolimba, pakuti kolefuka kamatentha msanga.

Kansonga kamayenera kubisala m'kati mwa chivundikiro pafupifupi mamilimita 3, ndipo kuchokera pa kansonga kufika pa ntchito pakhale mamilimita 15 mpaka 20. Wozolowera chitsulo wamba amakonda kuyandikitsa chida, koma aluminiyamu ndi wonyezimira, amabwezera kutentha kwa lawi pa kansonga. Chida chimapendekeka madigiri 10 mpaka 15 ndipo chimakankhidwa kunka kutsogolo, osati kukokedwa, kuti mpweya uzitsogolera chithaphwi. Nthawi iliyonse lawi likazimitsidwa, pa nsonga ya waya pamatsala kampira. Kameneka kadulidwe ndi pulayala ntchito isanayambenso, chifukwa sikayatsa lawi msanga, ndipo waya amangogunda pa ntchito ngati ndodo.

Pamene waya alibe mlandu

Nthawi zina waya amakhala akuyenda bwinobwino koma liwiro lake nlochepa. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 pamene chitsulo wamba chimadikira cha m'ma 1,500, kotero waya wake amadyeka msanga ndipo amafuna liwiro limene wophunzira amaliona ngati la misala. Pa ntchito yochindikala mamilimita 3, waya wa 0.9 amathamanga mamita 10 kapena kuposa pa mphindi imodzi, pa mavolti a pakati pa 21 ndi 23. Liwiro likachepa lawi limakwera ku kansonga. Likachuluka waya amabaya chithaphwi, chida nkumakankha dzanja. Nkwabwino kuyamba ndi liwiro lochulukirapo nkumatsitsa pa chidutswa choyesera, kusiyana ndi kuyamba ndi lochepa nkupsereza kansonga. Khutu limathandiza kwambiri. Pa chitsulo wamba chopyapyala lawi limathetheka ngati chimanga chokazinga, koma pa aluminiyamu liyenera kulira mosadukiza ngati sitovu ya Primus imene yapopedwa bwino. Pa ma spool gun ambiri kotembenuzira liwiro kali pa chogwirira, pamalo pamene dzanja limakhudza mosadziwa, ndipo pa makina ena kotembenuzira ka pa bokosi lalikulu kamaleka kugwira ntchito chidachi chikalumikizidwa. Wophunzira angathe kutha m'mawa wonse akupotokola kosayenera.

Pamwamba pa aluminiyamu aliyense pali kachikopa kosaoneka ndi maso kamene kamabadwa chitsulocho chikakumana ndi mpweya. Kachikopaka sikasungunuka mpaka madigiri opitirira 2,000, ndipo magetsi sadutsamo bwino. Waya akafika pa ntchito yosatsukidwa lawi limachedwa kubuka, timagudumu tili pa ntchito yokankha, ndipo mapeto ake ndi chisa chija. Choncho kutsuka ntchito ndi mbali imodzi ya kuyendetsa waya. Mafuta amachotsedwa poyamba ndi acetone, kenaka kachikopako nkupalidwa ndi burashi ya chitsulo chosachita dzimbiri imene sidakhudzepo chitsulo wamba. Woyamba ndi burashi amangolowetsa mafutawo m'mikwingwirima. Chopanira chobwezera magetsi, chija amisiri amati earth, chilume pa ntchito penipeni, pamalo opalidwa. Chida chikhale ku mbali ya +, ndipo apa amene amagwa ndi yemwe dzulo lake amawotcherera geti ndi waya wa ufa m'kati, pakuti waya wotereyo kawirikawiri amafuna chida ku mbali ya −, ndipo kubweza zingwe kumaiwalika. Mpweya ukhale argon wosasakaniza, wotuluka malita pafupifupi 15 pa mphindi. Wosakaniza ndi carbon dioxide, uja wa chitsulo wamba, umadetsa msoko ndi mwaye, lawi nkumadumphadumpha. Wogwira ntchito panja, monga amachitira amisiri a m'mbali mwa msewu, aimike lata kapena thabwa kumene kukuchokera mphepo, apo ayi argon amauluzika asanatchinge kanthu.

Waya naye ali m'mitundu. Awiri odziwika kwambiri ndi 4043, amene ali ndi silicon magawo 5 pa 100, ndi 5356, amene ali ndi magnesium magawo 5 pa 100. Wa 5356 ndi wolimbirapo ndipo amayenda mosavuta; wa 4043 ndi wofewa, ndiye amakonda kupindika. Momwemonso waya wa 0.8 amavuta kuposa wa 0.9 kapena 1.2. Komabe kusankha waya chifukwa chakuti sasautsa chida nkulakwira mwini katundu. Aluminiyamu wa maboti, monga wa mtundu wa 5083, ali ndi magnesium wambiri, ndipo akawotchereredwa ndi 4043 msoko wake umakhala wothetheka. Amafuna 5356 kapena mnzake 5183. Kumbali ina, 5356 sayenera pa chinthu chimene chidzakhale chotentha kupitirira madigiri 65 nthawi yaitali, ndipo zipangizo zambiri za injini zoumbidwa m'chikombole zimagwirizana ndi 4043. Ngati ntchito ifuna waya wofewa, chida ndicho chiyenera kukonzedwa kuti chimulandire.

Kasungidwe ka waya kamanyozedwa, koma m'nyengo ya dzinja ndi m'madera a m'mbali mwa nyanja ndiko kamawononga mipukutu yambiri. Waya watsopano amanyezimira. Wosiyidwa m'chida masabata angapo amatuwa, chifukwa kachikopa kaja kakhuthala. Waya wotuwa amakhakhala, amapala kapaipi ndi kansonga, ndipo chinyontho chimene wamwa chimatulutsa mpweya wa haidrojeni m'chithaphwi, msoko nkukhala ndi tibowo ngati chisa cha chiswe. Poweruka mpukutu uchotsedwe, nsonga yake ikoledwe pa kabowo ka m'mphepete, usungidwe m'pepala la pulasitiki lomanga bwino. Wotuwa pamwamba pokha ungapulumuke pomasula ndi kutaya mizere yakunja.

Nthawi imene vuto limabwera imaloza kumene lili, ndipo mmisiri amene amafunsa kuti layamba liti amafika msanga kuposa amene amangomasula zonse. La poyambira penipeni limachokera ku kampira kosadulidwa, ku ntchito yosatsukidwa kapena ku chopanira chosaluma. Lobwera patapita mphindi zingapo ndi la kutentha, ndipo apa nkofunika kuwerenga chimene chidalembedwa pa chida: chimene chalembedwa 60 pa 100 chimatanthauza kuti pa mphamvu yotchulidwayo chigwire mphindi 6 mwa mphindi 10 zilizonse, zinayi zotsalazo chipume. La kumapeto kwa mpukutu ndi la buleki. Limene limabwera chingwe chikagwedezeka limasonyeza pulagi yolefuka kapena kawaya koduka m'kati, kawirikawiri pafupi ndi chogwirira pamene chingwe chimapindika tsiku ndi tsiku. Pali linanso limene limabwera madzulo, mabanja akayatsa mbaula za magetsi m'dera lonse, kapena makina akalumikizidwa ku chingwe chachitali chowonda kapena ku jenereta yaing'ono: mphamvu imatsika, lawi limafooka, ndipo palibe nati imene ingachize zimenezo.

Ntchitoyi ili ndi ngozi zimene wa marodi sadazizolowere. Kuwala kwa lawi kumanyezimira pa aluminiyamu nkupsereza khosi ndi kunsi kwa chibwano, malo amene chigoba cha kumaso sichifika. Argon alibe fungo ndipo ndi wolemera kuposa mpweya wopuma, kotero amadikha pansi pa boti kapena m'thanki, munthu wogwada m'menemo nkukomoka osamva chenjezo lililonse. Mankhwala ena otsukira mabuleki a galimoto ali ndi chlorine, ndipo akakumana ndi lawi amasanduka mpweya wakupha wotchedwa phosgene. Asayandikire ntchito yowotcherera. Thanki imene idasungapo petulo kapena dizilo si ya wophunzira.

Kwa aphunzitsi a m'makoleji ndi m'masukulu a luso, amene kawirikawiri amakhala ndi chida chimodzi pa kalasi yonse, chiyeso chimakhala chakuti achikonze okha m'mawa, ophunzira azingofinya kabatani. Potero waya amasungika ndithu, koma wophunzira amatuluka osadziwa m'kati mwa chida, ndipo tsiku loyamba pa yekha ndilo tsiku loyamba kuona chisa. Njira yopindulitsa ndiyo yakuti mphunzitsi aike cholakwa mwadala, lero amange buleki, mawa atembenuze kagudumu, mkuja aike kansonga ka waya wachitsulo, nauza ophunzira kuti achipeze silinda ili yotseka, aliyense anene chifukwa chake asanakhudze nati. Mpukutu umodzi wotuwa, umene sukadagwiranso ntchito ina, umakwanira phunziro lotere kwa masabata.

Waya akadukiza pakati pa msoko, kuwonongeka sikuthera pa kansonga. Pamene lawi lidazimira mwadzidzidzi pamatsala kadzenje, ndipo aluminiyamu pozizira amakhwinyata kwambiri, kotero m'kadzenjemo mumabadwa mng'alu wochepa ngati tsitsi. Mmisiri wofulumira amangoyambira pomwepo nakwirira mng'aluwo ndi chitsulo chatsopano chimene sichidalowerere, chifukwa poyambira pamakhala pozizira. Kunja msoko umaoneka wathunthu, koma pa boti lonyamula asodzi kapena pa makwerero okwera munthu, pamenepo ndi pamene padzatseguke. Malo oterowo apalidwe mpaka kadzenje konse katachoka, atsukidwenso ndi burashi, ndipo lawi liyambire patsogolo pang'ono, libwerere kudzalumikiza, kenaka lipitirire. Pa ntchito yofunika kusunga madzi pali chiyeso chakale chosalira ndalama. Mbali imodzi ya msoko imapakidwa choko chosungunula m'madzi, nkusiyidwa kuti iume mbee. Mbali inayo imapakidwa palafini. Pakakhala kabowo kapena mng'alu wodutsa, palafini amalowerera nkudzaonekera pa choko ngati banga la mafuta. Malo a bangalo amalembedwa chizindikiro, palafini yense amatsukidwa ndi acetone kufikira atatheratu, ndipo pokhapo mpamene msoko umapalidwa ndi kuwotchereredwanso.